DONGO LOTHANDIZA ODWALA MAGANIZO: ZIMENE ANA A SUKULU APHUNZIRA PA TCHUTHI KU ENGLAND

Nonsenu mulidziwa dongo. Amayi amakalitapa ku mtapo kapena m'mbali mwa dambo, nalikanya, naumba miphika, mitsuko ndi mbiya. Anyamata akamaweta mbuzi amaumba ng'ombe zadothi, naziika nyanga ndi linunda. Koma kodi munamvapo kuti ku maiko ena dongo lomweli analipatsa ntchito ina, yothandiza anthu odwala maganizo? Sabata ino tifuna kukuuzani za ntchito imeneyi monga ichitikira ku England, ndiponso za anyamata ndi atsikana a m'sukulu za luso amene amapita kukaiphunzira pa nthawi ya tchuthi.

CHIYAMBI CHAKE

M'chaka cha 1938 mmisiri wina wojambula zithunzi, dzina lake Adrian Hill, anadwala chifuwa chachikulu, nagonekedwa pa chipatala cha King Edward VII ku Midhurst. Masiku amenewo mankhwala a nthendayi anali asanapezeke, ndipo wodwala ankangogona miyezi yambiri. Hill anayamba kujambula ali pakama pomwepo, naona kuti mtima wake ulikupepuka. Pambuyo pake analimbikitsa odwala anzake kuti nawonso ayese, ndipo mu 1942 anaitcha ntchitoyi dzina lachingerezi loti art therapy, ndiko kunena kuchiza mwa luso la manja.

Mu 1946 mmisiri wina, Edward Adamson, analembedwa ntchito pa chipatala cha odwala maganizo cha Netherne, m'dera la Surrey, nagwirapo zaka 35 kufikira 1981. Pachipatalapo panali nyumba m'mene odwala ankajambula, kusema ndi kuumba. Chodabwitsa n'chakuti Adamson sankawaphunzitsa, sankawauza choti apange, ndiponso sankamasulira zimene apanga. Iye ankangowapatsa zipangizo ndi malo abata, nawachitira ulemu. Zinthu zoposa 5,000 zimene odwalawo anapanga zasungidwa kufikira lero. Mu 1964 anthu a ntchito imeneyi anayambitsa bungwe lawo, British Association of Art Therapists.

NTCHITO YA PA TCHUTHI

Ku England nyengo yotentha ndi miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, pamene ife kuno takolola ndipo tilikumva chisanu. Miyezi imeneyi sukulu zazikulu zimatsekera. Tsono wophunzira za luso amene afuna kudzagwira ntchito yochiza m'tsogolo amapempha malo pa nyumba youmbira imene imalandira odwala. Amatero pakuti makoleji ophunzitsa ntchitoyi amafuna munthu amene anayamba wagwirapo ntchito pakati pa anthu ovutika. Ena amagwira popanda malipiro, kungofuna kuphunzira basi.

Anthu obwera ku nyumba zotere ndi amitundumitundu. Pali okhumudwa kwambiri amene chilichonse chinawakola, pali oferedwa, pali ana amene anaona zoopsa, ndiponso nkhalamba zimene zayamba kuiwalaiwala. Amabwera mmodzimmodzi kapena m'kagulu kakang'ono, kawirikawiri kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo ndi ola lomwelo, kuti adziwe kuti malo awo alipo ndithu.

Ntchito zoyamba za wophunzira ndi zimene amayi oumba azidziwa bwino. M'mawa amakanya dongo kuti lifewe mofanana ndi kuti mpweya wa m'kati utuluke. Zoumba zimene eni ake sanatsirize amazifunditsa nsalu yonyowa ndi pulasitiki, kuti sabata yamawa azipeze zisanaume. Zimene zatha amaziumitsa pang'onopang'ono, chifukwa choumba chikalowa pamoto chili ndi madzi, madziwo amasanduka nthunzi ndipo chimaphulika. Kumeneko saotchera nkhuni monga kwathu, koma mu uvuni wamagetsi umene umatentha kufika madigiri 1,000. Madzulo amapukuta magome ndi pansi ndi nsalu yonyowa. Sasesa ndi tsache, pakuti fumbi la dongo louma limawononga mapapo a munthu wolipuma zaka zambiri. Ndipo pansi pa choumba chilichonse amaonetsetsa kuti pali chizindikiro cha mwini wake, chifukwa kutaya kapena kuswa chinthu cha wodwala ndi mlandu waukulu.

PHUNZIRO LOVUTA KOPOSA

Zonsezi n'zapafupi. Chovuta kwenikweni ndi kusunga manja ake. Ku sukulu ya luso wophunzirayu anazolowera kuti mphunzitsi amayang'ana choumba, nanena pamene chapindika, nachikonza. Kuno zimenezo n'zoletsedwa.

Tiyerekeze kuti pagome pakhala bambo wachikulire amene mkazi wake anamwalira, ndipo alikuumba kambale. Mbali ina yachindikala, mbali ina yapyapyala, ndipo wophunzira alikuona kuti kadzang'aluka pouma. Manja ake alikuyabwa kuti akonze. Koma akangogwira, kambaleko kasanduka kake, ndipo bamboyo aphunzira chinthu chimodzi chokha, kuti ngakhale ichi sachitha. Tsono wophunzira amakhala chete. Bamboyo akafunsa kuti, "Kodi apa ndichite bwanji?" pamenepo amatenga dongo lakelake, nawaonetsa pa limenelo, osakhudza la eni ake.

Ndiponso amaphunzira kusunga pakamwa. Sanena kuti, "Chaipa," komanso sathamangira kunena kuti, "Chakongola," pakuti wodwala akamva choncho amayamba kuumba zokondweretsa ena, naleka kutulutsa zimene zili mumtima mwake. Salota tanthauzo la choumba cha mnzake. Mwini wake akafuna kufotokoza, amamvetsera. Akapanda kufuna, samukakamiza. Zimene wamva m'nyumbamo sakazinena kunja, ndipo saloledwa kujambula zoumbazo pa foni kuti akaonetse anzake. Odwala akapita, amakhala pansi ndi mwini ntchito, nakambirana zimene waona ndi zimene zamuvuta mumtima, chifukwa kumva zowawa za anthu tsiku ndi tsiku kumalemetsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa ndi oona ndithu.

CHIFUKWA NINJI DONGO?

Munthu wosweka mtima kawirikawiri mawu amamusowa. Mukamufunsa chimene chamuvuta amangoti, "Palibe." Koma manja ake angathe kugwira ntchito pakamwa pali chete. Dongo limamvera dzanja: ukalipsinja limalowa, ukalikoka limatalika. Wokwiya angathe kulimenya ndi kuling'amba popanda kupweteka munthu, pambuyo pake nalilumikizanso. Ndiponso dongo losaotcha silitayika. Ngakhale liume ndi kusweka, mukalinyika m'madzi limafewa, ndipo muumbanso china. Munthu amene aganiza kuti zake zonse zinawonongeka amaona ndi maso ake kuti chinthu chosweka chingayambidwenso.

Akatswiri anayesa kuona ngati zimenezi zimathandizadi. Ku Hong Kong, m'dziko la China, aphunzitsi awiri a pa yunivesite, Joshua Nan ndi Rainbow Ho, anatenga anthu 106 odwala nthenda ya kukhumudwa kwambiri, nawagawa pawiri. Gulu lina linaumba dongo motsogozedwa ndi wodziwa ntchito yochiza, kamodzi pa sabata kwa masabata 6, maola awiri ndi theka tsiku lililonse. Gulu lina linapatsidwa ntchito zina za luso zongosangalatsa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017, ndipo zinaonetsa kuti oumba dongo aja kukhumudwa kwawo kunachepa koposa anzawo.

Koma tisanamizane. Dongo sililowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, limangothandizana nawo. Ndiponso wophunzira wa pa tchuthi sali wochiza ayi. Lamulo la ku England sililola munthu kudzitcha wochiza mwa luso asanalembedwe m'kaundula wa bungwe la Health and Care Professions Council. Kuti alembedwe ayenera kutsiriza sukulu ya ukachenjede, naphunziranso zaka zina ziwiri, nagwira ntchito m'zipatala moyang'aniridwa. Pa zaka zimenezo iye mwini amakhalanso pansi ndi wochiza wina kuti adziwe za mumtima mwake, asanayambe kusenza za anzake.

NANGA IFE KUMUDZI?

Uvuni wamagetsi tilibe, koma dongo tili nalo, ndipo phunziro la wophunzira uja tingathe kulitola. Ngati m'bale wanu wayamba kudzipatula, sadya, sagona, wasiya kupita kumunda, kapena alikunena zodzipha, musachedwe ndi kulozana zala za ufiti. Musamumange, musamuseke. Pitani naye msanga ku chipatala cha pafupi kapena cha Boma, ndipo ngati nthenda yakula adzamutumiza kwa odziwa matenda a maganizo, monga a ku Zomba. Mankhwala amene apatsidwa amwe monga adokotala anena, osalekeza panjira.

Akabwerera kumudzi musamusiye yekha m'nyumba tsiku lonse. Amayi akamaumba pakhonde, muitaneni akhale nawo, mumupatse dongo lake. Ngati ndi bambo amene achita manyazi kuumba mphika poti ndi ntchito ya amayi, aumbe ng'ombe monga ankachitira ali mnyamata, kapena chilichonse chimene manja ake afuna. Inu khalani naye pafupi. Musamulande kuti mumukonzere, ndipo ana muwaletse kuseka. Chimene waumba muchiike pamalo abwino, mumufunse ngati afuna kuti chiotchedwe pamodzi ndi miphika. Akayamba kulankhula mverani, ndipo zimene wanena zisakafike ku chitsime.