Acoke Kapena Akhale? Funso la Wosewera Basketball wa pa Koleji ku America

Nkhani yathu ya lero iticotsa kuno kwathu ndi kutiolotsa nyanja yaikulu ya Atlantic kufikira ku dziko la United States of America. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a dziko lonse lapansi, apacikeni pa khoma kuti ana aziona malo amene tidzachula.

Ku dziko limeneli kuli masewera ochuka kwambiri ochedwa basketball. Afanana pang'ono ndi netball imene imaseweredwa pa sukulu panu. Osewera amakhala 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo, ndipo cigoli ndico kulowetsa mpira mu mkombero wacitsulo wopacikidwa m'mwamba, mamita 3 ndi masentimita 5 kucokera pansi. Anayambitsa masewerawa ndi mphunzitsi wina dzina lake James Naismith, mu mzinda wa Springfield, m'caka ca 1891. Iye anafuna kuti ophunzira ake akhale ndi cocita m'nyumba pa nyengo yozizira, napacika madengu awiri a zipatso pa khonde la m'mwamba. Liu lakuti basket m'Cingerezi litanthauza dengu, ndipo dzina la masewerawa linacokera pamenepo.

Mnyamata wa ku America wodziwa bwino mpira umenewu akamaliza sekondale, monga kunena Giredi 12 kuno kwathu, amaitanidwa ndi koleji. Kumeneko salipira maphunziro, cakudya kapena pogona. Iye amasewerera timu ya kolejiyo uku ali kuphunzira, ndipo digiri amaitenga pakutha zaka 4. Bungwe loyang'anira masewera a makoleji limachedwa NCAA. Pamwamba pa makoleji pali bungwe lina, NBA, la matimu 30, kumene basketball ndi nchito yolipidwa monga uphunzitsi kapena udokotala, koma malipiro ake ndi aakulu zedi. Tsono funso limene limasowetsa tulo wosewera waluso ndi makolo ake ndi ili: kodi asiye koleji asanamalize kuti akayambe nchito ku NBA, kapena akhalebe?

Kuti mumvetse funsoli, yambani mwadziwa khomo lolowera ku NBA. Kamodzi pa caka, m'mwezi wa June, matimu onse amasonkhana kusankha osewera atsopano. Cisankho cimeneci amacicha draft. Matimu amene sanacite bwino caka cathaco ndiwo amapatsidwa mwai woyamba kusankha, kuti naonso alimbe. Cisankho cili ndi zigawo ziwiri: m'cigawo coyamba amatenga osewera 30, m'caciwiri ena 30. Onse pamodzi ndi 60 cabe. Koma makoleji akuluakulu okha aposa 350, osewera ake aposa 4,000, ndipo malo 60 omwewo amalimbiranso anyamata a ku Ulaya, ku Africa ndi kwina. Mwa osewera a pa koleji 100 amene afika pa msinkhu wosankhidwa, wolowa amakhala ngati mmodzi. Aphunzitsi, lembani manambala awa pa bolodi, pakuti nkhani yonse yagona pa iwo.

Kale funso limeneli kunalibe. Lamulo la NBA linali lakuti munthu adikire zaka 4 atacoka ku sekondale. Amene analithyola ndi Spencer Haywood, mwana wa m'banja losauka la ku Silver City, m'cigawo ca Mississippi, kumene amai ake anali kuthyola thonje m'minda ya eni. Haywood anathandiza dziko lake kupambana pa masewera a Olympic mu 1968. Atakhala pa koleji zaka 2, anaona kuti sangapitirize kusewera kwaulere amai ake ali kubvutika, nakalowa bungwe lina la nthawi imeneyo, ABA, limene linali kulipira. Pamene timu ya Seattle inamtenga mu 1970, NBA inakana. Mlandu unakwera kufikira ku bwalo lalikulu la dziko lonse, ndipo mu 1971 oweruza anamlola kusewera. Kucokera pamenepo khomo linatseguka. Ena, monga Kobe Bryant mu 1996 ndi LeBron James mu 2003, sanapondeko nkomwe ku koleji. Pambuyo pake NBA inaika malire ena: kuyambira mu 2006 wosankhidwa ayenera kufika zaka 19, ndipo papite caka cimodzi cicokereni ku sekondale. Ici ndico cifukwa cake anyamata ambiri aluso amakhala pa koleji caka cimodzi cokha nacoka.

Tiyeni timve mau a iwo amene amati mnyamata acoke. Coyamba amachula ndalama. Wosankhidwa m'cigawo coyamba amalemberana ndi timu yake pangano limene silingathyoledwe kwa zaka 2, ndipo malipiro ake amatsata nambala imene wasankhidwira. Mu 2025 woyamba kusankhidwa, Cooper Flagg wa koleji ya Duke, anapatsidwa madola oposa 13 miliyoni pa caka coyamba, ndipo ngakhale wa nambala 30 analandira oposa 2 miliyoni. Kwa banja ngati la Haywood, ndalama zotere zimasintha moyo wa abale onse.

Caciwiri, ndipo ici ncacikulu, amachula thupi. Khasu la wosewera mpira ndilo thupi lake, ndipo khasu limeneli silikhalitsa. Munthu akapyola zaka 30 miyendo imayamba kulemera, ndipo bondo lingathe kuthyoka tsiku lililonse. Mu February 2019 Zion Williamson, wosewera wa Duke amene dziko lonse linali kumuyang'ana, anaponda mwamphamvu masewera atangoyamba, nsapato yake ning'ambika, iye nagwa nabvulala bondo. Mwamwai bala silinali lalikulu, koma anthu ambiri anadzifunsa tsiku limenelo kuti cikanacitika nciani bondolo likanaonongekeratu iye asanalandire kalikonse. Taonaninso Joel Embiid wa ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon. Anasewerera koleji ya Kansas caka cimodzi, ndipo fupa la phazi lake linapezeka lothyoka masiku ocepa cisankho ca 2014 cisanacitike. Timu ya Philadelphia inamtengabe pa nambala 3. Kwa zaka 2 sanasewere ngakhale kamodzi, koma anali kulipidwa ndi kucizidwa ndi madokotala a timu, ndipo mu 2023 anachedwa wosewera wopambana onse mu NBA. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau.

Amaonjezanso kuti sukulu sithawa. Michael Jordan anacoka ku yunivesite ya North Carolina mu 1984 atakhalako zaka 3, ndipo kochi wake yemwe, Dean Smith, ndiye anamlangiza kutero. Koma anabwerera m'kalasi natenga digiri yake ya geography mu 1986. Shaquille O'Neal anacoka mu 1992 namaliza mu 2000. Stephen Curry anacoka ku Davidson mu 2009, nadzalandira digiri mu 2022, patapita zaka 13. Buku lingathe kudikira munthu wa zaka 35, mpira sungathe.

Komatu musafulumire kuomba m'manja, ana inu. Maina amene ndachulawa ndi a anthu amene anapambana, ndipo amene sanapambane sitimamva za iwo. Wosankhidwa m'cigawo caciwiri alibe lamulo lomteteza monga anzake a m'cigawo coyamba: timu ingathe kumuyesa miyezi ingapo nimuuza kuti apite kwao. Ndipo ena amalembetsa dzina, nadikira usiku wonse wa cisankho pamodzi ndi abale ao, dzina lao osachulidwa. Omar Cook wa koleji ya St. John's ku New York anali wochuka popatsira anzake mpira. Anacoka mu 2001 atasewera caka cimodzi, nagwera m'cigawo caciwiri, ndipo masewera amene anasewera mu NBA anali owerengeka. Iye anali wolimbika, nakapeza nchito ya mpira kwa zaka zambiri ku Ulaya, koma ambiri amati akanadikira caka cina akanalowa pa khomo labwino. Cowawa ncakuti njira imeneyi ilibe pobwerera. Monga mwa lamulo la NCAA, munthu amene walemberana pangano ndi timu ya NBA sangadzasewererenso koleji. M'kalasi angabwerere, koma m'bwalo ai.

Pa koleji mnyamata amasewera masewera onse, kochi ali kumkonza zolakwa zake tsiku ndi tsiku. Ku NBA wosapsa amakhala pa benchi kuonerera akuluakulu, ndipo luso silikula munthu atakhala pansi. Tim Duncan wa pa cisumbu ca Saint Croix analonjeza amai ake, iwo ali pafupi kumwalira, kuti adzamaliza koleji. Anthu anamnyengerera caka ndi caka kuti acoke ku Wake Forest, koma iye anakhala zaka zonse 4, natenga digiri mu 1997, nasankhidwa woyamba ndi timu ya San Antonio. Anaisewerera zaka 19 natenga nayo cikho kasanu. Winanso ndi Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, m'dziko loyandikana nalo la Congo, amene anapita ku Georgetown ndi cifuno cophunzira udokotala. Kutalika kwake kunamlowetsa mu basketball, koma anamaliza digiri mu 1991 asanapite ku NBA. Pambuyo pake anamanga cipatala ku Kinshasa, cimene cinatsegulidwa mu 2007 ndi kuchedwa dzina la amai ake. Iye anamwalira mu 2024. Kwa anthu awa mwambi woyenera ndi wina uja, wakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwaona kuti miyambi iwiri ya makolo yatsutsana. Nanga tsono tigwire uti? Ine ndiona kuti anthu amasokera pamene ayesa nkhaniyi ngati mkangano wa pakati pa ndalama ndi sukulu, ngati kuti wocoka ndi wadyera ndipo wokhala ndi wanzeru. Funso lenileni ndi la nambala: kodi mnyamatayu adzasankhidwa pa malo ati? Ngati anthu odziwa, amene sadzadyapo kanthu, anena kuti ali pakati pa 30 oyamba, kucoka nkwanzeru, ndipo palibe ayenera kumnyoza. Ngati ali kumapeto kwa mndandanda kapena palibe, kukhala nkwanzeru. Bvuto ndi lakuti mnyamata wa zaka 19 amazingidwa ndi anthu omuuza zokoma zokhazokha: anzake, abale oyembekezera galimoto, ndi anthu ofuna kumuyendetsera mapangano kuti alandirepo gawo lao. Kochi wa koleji nayenso sali wopanda mbali, pakuti wosewera wabwino akakhala, timu yake ndiyo imapambana.

Cifukwa ca ici, lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2016 linathandiza kwambiri. Wosewera analoledwa kulembetsa dzina, kupita ku Chicago m'mwezi wa May kukayesedwa ndi matimu, kumva kucokera kwa eni ake kuti ali pati, ndi kucotsa dzina lake tsiku loikidwa lisanapite, osataya malo ake pa koleji. Zach Edey wa ku Toronto, mnyamata wotalika mamita 2 ndi masentimita 24, anacita zimenezi mu 2023. Ngakhale anali atachedwa wopambana pa makoleji onse, ambiri anamuika m'cigawo caciwiri, namati ndi wocedwa pothamanga. Anabwerera ku Purdue, nafikitsa timu yake pa masewera otsiriza a dziko lonse, ndipo mu 2024 timu ya Memphis inamtenga pa nambala 9. Caka cimodzi codikira cinamkweza kwambiri.

Palinso cinthu cina cimene casintha muyeso wonse. Kwa zaka zambiri wosewera wa pa koleji sanali kuloledwa kulandira ndalama, ngakhale anthu zikwizikwi anali kulipira pa khomo kudzamuona. Kuyambira mu July 2021 analoledwa kulipidwa ndi makampani ofuna kugwiritsa nchito dzina kapena cithunzi cake potsatsa malonda, ndipo mu 2025 bwalo la milandu linabvomereza kuti makoleji eni ake azigawana ndalama ndi osewera ao. Motero njala imene inathamangitsa Haywood siithamangitsanso mnyamata waluso monga kale. Amene akanagwera m'cigawo caciwiri angathe kupeza pa koleji ndalama zofanana kapena zoposa, uku ali kupitiriza maphunziro, ndipo ambiri otere tsopano amasankha kukhala.

Atsikana inu mwina muli kufunsa za akazi. Iwonso ali ndi bungwe lao, WNBA, koma malamulo ake ndi ena. Pamene Caitlin Clark wa ku Iowa anasankhidwa woyamba mu 2024, lamulo linali lakuti mkazi wa pa koleji afike zaka 22 kapena akhale womaliza maphunziro, ndipo malipiro ake a caka coyamba sanafike madola 80,000. Yerekezani ndi 13 miliyoni aja.

Aphunzitsi, mukamaliza kuwerenga gawani ana m'magulu awiri. Auzeni za mnyamata wongoyerekeza wa zaka 19, wa m'banja losauka, amene wamva ku Chicago kuti angasankhidwe pakati pa nambala 25 ndi nambala 40. Gulu lina limlangize kucoka, lina kukhala, ndipo gulu lililonse licirikize mau ake ndi munthu mmodzi mwa amene tawachula. Ana a Giredi 6 ndi 7 apezenso pa mapu mizinda iyi: Yaoundé, Kinshasa, Toronto ndi Chicago.