Ndalama za Boma ndi Mwana wa ADHD: Mmene Thandizo la Maphunziro Limayendera ku Bellville

Dziko la South Africa lilibe thumba la boma limene kholo lingatapemo ndalama zolipirira mphunzitsi wapadera wa mwana yemwe ali ndi vuto la ADHD, ndipo mfundo imeneyi, ngakhale ndi yogwetsa ulesi, ndiyo poyambira pa aliyense wofuna kumvetsa mmene ana oterewa amathandizidwira m'masukulu a ku Bellville ndi madera oyandikana nako. Kumaiko ena ndalama imatsata mwana. Ku Arizona m'dziko la America, kuyambira mu 2011, boma limaika ndalama mu akaunti imene makolo a mwana wofunika thandizo lapadera angalipirire nayo munthu womuphunzitsa payekha, ndipo ku England lamulo la 2014 limalola kuti gawo lina la ndalama za mwana wotere liyendetsedwe ndi banja lake. Ku Western Cape, chigawo chimene muli Bellville, ndalama imatsata sukulu ndi malo a ntchito a aphunzitsi, kotero kuti chimene kholo lingapeze ndi ntchito ya akatswiri olembedwa ndi boma, ndipo njira yofikira kwa akatswiriwo imadutsa m'mapepala.

ADHD ndi chidule cha dzina la Chingerezi la vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi, kujijirika osatha kukhala pansi, ndiponso kuchita zinthu mopupuluma, ndipo kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse. Madokotala amatsimikiza za vutoli pokhapokha ngati zizindikiro zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zakhalapo miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo zikuoneka m'malo awiri kapena oposa, monga kusukulu ndi kunyumba. Kumudzi mwana wotere amangotchedwa wopulupudza kapena wosamva, ndipo mankhwala ake odziwika ndi mkwapulo, koma ku South Africa lamulo la masukulu la 1996 linaletsa kumenya mwana kusukulu, ndipo mu 2019 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ngakhale kholo silingadziteteze ponena kuti limangolanga mwana wake pang'ono.

Gawo 29 la malamulo oyendetsera dzikolo limapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa aliyense, ndipo liwu lakuti aliyense ndi lofunika kwambiri kwa Mmalawi wokhala kumeneko, chifukwa mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira nduna ya maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa chikalata cha kubadwa kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mwana akangolembedwa m'kaundula wa sukulu ya boma, thandizo limene anzake ali nalo mwayi limamukhudzanso iyeyo. Maziko a thandizolo ndi chikalata chotchedwa White Paper 6, chimene chinatuluka mu 2001 nduna ya maphunziro ili Kader Asmal, ndipo chimati ana ovutika pophunzira aziphunzira limodzi ndi anzawo m'masukulu wamba, masukulu ena awonjezeredwe zipangizo ndi antchito kuti azilandira ana ofunika thandizo lokulirapo, ndipo masukulu apadera atsalire okhawo ofunika thandizo lalikulu. Chikalatachi ndi ndondomeko ya boma chabe, nyumba ya malamulo sinachikhazikitse ngati lamulo, ndipo sichinena ndalama zimene mwana aliyense ayenera kulandira. Thumba lapadera limene boma lalikulu linatsegula mu 2017, kutsatira chigamulo cha khothi lalikulu la Western Cape cha 2010, ndi la ana olumala kwambiri m'nzeru, ndipo mwana wa ADHD salowamo.

Ndalama za maphunziro zimachoka ku boma lalikulu kupita ku zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo dipatimenti ya maphunziro ya Western Cape, imene anthu amangoitchula kuti WCED, imathera zambiri mwa izo pa malipiro a aphunzitsi. Zotsalazo, zina zimaperekedwa ku sukulu iliyonse molingana ndi chiwerengero cha ana komanso umphawi wa dera limene sukuluyo ili, pakuti masukulu anagawidwa m'magulu asanu otchedwa quintile. Magulu atatu oyamba salipiritsa fizi, ndipo mu 2024 mlingo wa dziko lonse unali woposa pang'ono R1,600 pa mwana pa chaka, pamene sukulu ya gulu lachisanu inkayembekezera ndalama zosakwana R300. Ndalama zimenezi ndi za mabuku, magetsi, madzi ndi kukonza nyumba, ndipo sizingafike pa malipiro a mphunzitsi wa mwana mmodzi. Kagawidwe kameneka kali ndi chilema chimene mabanja obwera amachidziwa bwino: kamayeza chuma cha dera, kotero sukulu ya m'dera la nyumba zabwino imaonedwa ngati ya olemera ngakhale ena mwa ana ake ndi a anthu ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa amene amachita lendi kachipinda ka kuseri. Sukulu yolipiritsa fizi yambiri imatha kulemba yokha mphunzitsi wothandiza ana otsalira kudzera m'komiti yake yoyendetsa sukulu, ndipo apa ndi pamene kusiyana pakati pa masukulu kumakulira. Mu Ogasiti 2024 mkulu wa zamaphunziro m'chigawochi, David Maynier, analengeza kuti malo a aphunzitsi 2,407 achotsedwa kuyambira Januwale 2025 chifukwa cha kuperewera kwa ndalama, ndipo kalasi ikadzaza, woyamba kutayika ndi mwana amene maganizo ake sakhazikika.

Njira yeniyeni yopezera thandizo inalembedwa m'ndondomeko ya 2014 yotchedwa SIAS, imene imalongosola kafufuzidwe ka vuto la mwana, kaunikidwe kake ndi kathandizidwe kake. Imayambira m'kalasi. Mphunzitsi akaona kuti mwana samaliza ntchito, amataya makope, amadzuka pampando kaŵirikaŵiri kapena amayankha funso lisanathe, amayenera kuitana kholo ndi kudzaza fomu yotchedwa SNA 1, mmene amalemba zimene mwanayo amachita bwino, zimene zikumuvuta, zimene kholo lanena, ndi zimene iye mwini wayesa, monga kumukhazika kutsogolo kutali ndi zenera kapena kumugawira ntchito m'tizigawo tating'ono. Zimenezi zikapanda kuthandiza, nkhani imapita ku gulu la aphunzitsi a pasukulu pomwepo lotchedwa SBST, limene limadzaza SNA 2 ndi kulemba dongosolo la mwanayo payekha, lonena chochita, wochichita ndi tsiku lodzaunikanso. Pokhapokha ngati sukulu yalephera m'pamene nkhani imakwera ku gulu la boma la m'dera, DBST, mmene muli akatswiri a zamaganizo, alangizi a zaumoyo wa mabanja, ndi akatswiri othandiza ana pa kalankhulidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka manja. WCED ili ndi madera asanu ndi atatu, ndipo masukulu ambiri a ku Bellville ali pansi pa dera la Metro North, limene ofesi yake ili ku Parow.

Kholo limene limangodandaula pageti poperekeza mwana silinayambe kalikonse, chifukwa akuluakulu a ku Parow amaona zolembedwa zokha. Mafunso oyenera kufunsa mphunzitsi ndi akuti kodi SNA 1 inadzazidwa, kodi SBST inakumana liti pa za mwanayo, ndipo kodi kholo lingalandire kope la dongosolo limene linasainira. Akatswiri a boma ndi ochepa poyerekeza ndi masukulu amene amayendera, kudikira kumatha kutenga miyezi, ndipo mwana amene fomu yake yoyamba inadzazidwa mu giredi 2 amakhala patsogolo pa mnzake amene makolo ake anadzidzimuka atalephera giredi 7.

Chimene chimafanana kwambiri ndi maphunziro oonjezera, amene ku Malawi anthu amalipira aphunzitsi masana sukulu ikaweruka, ndi ntchito ya mphunzitsi wothandiza ana ovutika pophunzira, wolembedwa ndi WCED, amene amatenga ana ochepa m'kalasi n'kukawaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'kagulu kakang'ono, makamaka m'magiredi oyambirira. Salipiritsa, koma si sukulu iliyonse ili naye, ndipo nthawi zambiri amagawa masiku ake pakati pa masukulu awiri. Mlangizi wophunzitsa mwana kusunga nthawi, kulongedza chikwama ndi kugawa homuweki, amene pa Chingerezi amatchedwa coach, ndiponso munthu wokhala pambali pa mwana m'kalasi, amene amatchedwa facilitator, onsewa kawirikawiri amalipidwa ndi makolo. Masukulu apadera a boma monga Jan Kriel ku Kuils River ndi Tafelberg ku Bothasig amaphunzitsa ana ovutika pophunzira m'makalasi a ana ochepa, koma mwana amapitako potumizidwa ndi dipatimenti, malo ndi osowa, ndipo ADHD payokha siikwanira kaŵirikaŵiri kuti mwana apatsidwe malo.

Pa mayeso pali thandizo limene silifuna ndalama zambiri koma limasintha zotsatira. Mwana wovomerezedwa angapatsidwe mphindi zoonjezera pa ola lililonse, chipinda chayekha, nthawi yopumira, kapena munthu womukumbutsa kuti abwerere pa pepala maganizo akamwazika. Pempho limadutsa kusukulu ndi umboni wa katswiri, ndipo la mayeso a matric, omaliza sekondale, liyenera kuperekedwa msanga, makamaka poyamba giredi 10, chifukwa ounika pempholo amafuna kuona mbiri ya vutolo. Lipoti la katswiri wa zamaganizo wodziyimira payekha limadya marandi masauzande angapo.

Sukulu siipima matenda ndipo siipereka mankhwala, kotero mbali imeneyi ili m'manja mwa dipatimenti ya zaumoyo: kholo limayambira ku kiliniki ya m'dera, imene imatumiza mwana ku chipatala, ndipo ana a vuto lalikulu amafika ku Tygerberg, chipatala chachikulu choyandikana ndi Bellville chimene chili ndi gawo la matenda a maganizo a ana. Mankhwala odziwika ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, ndipo popeza ali m'gulu 6 la mankhwala oyang'aniridwa mwamphamvu, kalata ya dokotala siibwerezedwa ndipo imakwanira masiku 30 okha. Kwa mayi wolipidwa pa tsiku, zimenezi zingatanthauze kujomba kuntchito, kulipira minibasi ndi kukhala pamzere mwezi ndi mwezi, mtengo umene sulembedwa m'bajeti iliyonse ya boma. Bungwe la Goldilocks and The Bear Foundation, limene Prof Renata Schoeman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Bellville, anayambitsa ndi mnzake mu 2017, limapima ana za ADHD kwaulere m'madera osauka.

Njira zochepetsera zotuluka m'thumba la kholo zilipo, ngakhale sizifikira onse mofanana. Pa sukulu ya boma yolipiritsa, ngati fizi ya pachaka ikufika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene makolo awiri amapeza pachaka, banjalo limakhululukidwa fizi yonse, kotero banja lopeza R5,000 pamwezi siliyenera kulipira fizi ya R6,000, bola lipemphe polemba ku komiti ya sukulu, ndipo likakanidwa lingachite apilo kwa mkulu wa dipatimenti pasanathe masiku 30. Bungwe lotolera msonkho la SARS limabweza gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zina zogwiritsidwa ntchito pa mwana wolumala ngati dokotala wadzaza fomu ya ITR-DD kutsimikiza kuti vutolo ndi lalikulu ndi lokhalitsa, koma wopeza zosakwana R95,750 pachaka m'chaka cha msonkho cha 2024/25 sankadula msonkho, choncho analibe choti abwezeredwe. Ndalama yosamalira mwana wolumala kwambiri imene bungwe la boma la SASSA limapereka ndi ya nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka, ndipo imafuna chilema chofunika chisamaliro cha nthawi zonse.

Pali chinthu chimodzi chimene mafomu sachigwira bwino pa mwana wa banja lolankhula Chichewa. Masukulu a ku Bellville amaphunzitsa m'Chingerezi kapena m'Chiafrikaans, ndipo mwana amene sakumva chilankhulo cha mphunzitsi amayang'ana kunja, amaseweretsa pensulo ndi kusokoneza anzake, ndendende ngati mwana wa ADHD, pamene wina amene alidi ndi vutolo angangonenedwa kuti sanazolowere Chingerezi, zaka n'kumapita. Ndiye chifukwa chake mawu a kholo pa SNA 1 ali ofunika: lokhalo ndi limene likudziwa ngati mwanayo amathanso kutayika pakati pa nthano yokambidwa m'Chichewa, kapena kuiwala chimene watumidwa asanafike pa shopu. Zolembedwa zonsezi zimasungidwa m'fayilo ya mwana imene imasamutsidwa kuchoka pa sukulu ina kupita pa ina m'dzikomo, koma siiwoloka malire, kotero banja lobwerera ku Mangochi kapena ku Mzimba liyenera kunyamula makope ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, kuti mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mwina wophunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, apeze poyambira.