Nyimbo Yobadwira Kuchilendo

M'chaka cha 1892 Antonín Dvořák, katswiri wopeka nyimbo wa ku Bohemia, anapita ku New York kukatsogolera sukulu ya zoimbaimba. Kumeneko wophunzira wina wachikuda, Harry Burleigh, ankamuimbira nyimbo zauzimu zimene anaphunzira kwa agogo ake, omwe kale anali kapolo. Nyimbozo, pamodzi ndi kupukwa pokumbukira kwawo, zinabala simfone yake yachisanu ndi chinayi, "From the New World", imene inaimbidwa koyamba ku Carnegie Hall pa 16 Disembala 1893.

Dvořák analangiza Aamereka kuti maziko a nyimbo zawo akhale nyimbo za anthu onyozedwawo. Tsono wophunzira wa ku Nsipe amene amachita manyazi ndi ngoma ya makolo ake Achingoni aganize mofatsa, pakuti chuma chimene mlendoyu anatola ndi chomwe eni dziko ankaponda.