Bondo lomwe tinkati wavulala kumpira

Nsapato za mpira za msuweni wanga zikadali kunsi kwa bedi kwa azakhali ku Chilomoni. Palibe amene amazivala, palibenso amene analimba mtima kuti azipereke kwa mwana wina. Mwini wake anatisiya ali ndi zaka 14, atangoyamba kumene Fomu 1.

Zinayamba ngati zocheza. Ankadandaula bondo lakumanzere, ife n'kumati wavulala kumpira basi. Tinamugulira panado, azakhali n'kumamuthowa ndi madzi otentha. Koma ululuwo sunkamva mankhwala, ndipo usiku ndiye unkanyanya mpaka mwana kudzuka akulira. Pamwamba pa bondo patatupa, achibale ena anati waponda mankhwala, choncho anakamutema mphini kwa sing'anga. Miyezi isanu inatha chonchi. Pomwe tinkafika naye kuchipatala cha Gulupu, komwe anamujambula X-ray ndi kupima kachidutswa ka chotupacho, anatiuza kuti ndi khansa ya m'mafupa, ndipo inali itafika kale m'mapapo.

Khansa imeneyi madokotala amaitcha osteosarcoma. Imakonda kugwira ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 10 ndi 20, nthawi imene mafupa akutalika mofulumira. Kawirikawiri imayambira pafupi ndi bondo, kapena pamkono chakuphewa. Palinso mtundu wina wotchedwa Ewing sarcoma. Matendawa sapatsirana, si kulodzedwa, komanso sabwera chifukwa chogwa pamasewera. Kugwako kumangochititsa kuti makolo aone pomwe vuto linalipo kale.

Ndiye mungadziwe bwanji? Ululu wa kuvulala umachepa pakapita masiku. Koma ngati fupa likuwawa malo amodzimodzi kwa masabata angapo, makamaka usiku, ngati patuluka chotupa cholimba, mwana wayamba kutsimphina, kapena fupa lathyoka popanda ngozi yeniyeni, musadikire. Pitani naye kuchipatala. Akakupatsani mankhwala opha ululu koma osasintha, bwereraninso, mufunse za X-ray ndi kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Ku Gulupu ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli magawo othandiza ana odwala khansa.

Chithandizo chake ndi mankhwala amphamvu a chemotherapy pamodzi ndi opaleshoni yochotsa fupa lodwalalo. Nthawi zina pamafunika kudula mwendo, ndipo apa m'pomwe mabanja ambiri amathawa ndi mwana kubwerera kumudzi. Mantha amenewa ndi omveka. Komatu mwana angathe kukhala moyo ndi mwendo umodzi. Terry Fox wa ku Canada anadulidwa mwendo mu 1977 ali ndi zaka 18 chifukwa cha khansa yomweyi. Mu 1980 anathamanga makilomita 5,373 ndi mwendo wochita kupanga, pofuna kupeza ndalama zofufuzira mankhwala a khansa. Anamwalira mu 1981, koma mpaka lero anthu amathamanga chaka chilichonse pomukumbukira.

Bungwe la WHO limati m'mayiko olemera ana opitirira 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika ndi 30 omwe. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chomwe chinatichitikira ifechi: kufika mochedwa.

Kwathu kuno, mwana akamwalira timaopa kumutchula, timati tidzutsa chisoni. Azakhali anga anakana zimenezo. Pa 15 February, lomwe ndi tsiku loganizira ana odwala khansa padziko lonse, amaphika mpunga wa nyemba womwe mwana wawo ankaukonda, n'kuitana anzake omwe ankasewera nawo mpira. Anyamatawo pano amera ndevu. Amadya, amaseka, amakumbutsana zigoli zake.

Akamatsanzika, azakhali amawauza mawu omwewomwewo chaka chilichonse: "Ana anga inu, mng'ono wanu akamalira mwendo usiku, musamuuze kuti alimbe mtima. Mutengeni akajambulidwe."