Kodi m'mutu tizitsukamo kangati?

Tikaweruka ku munda wa koperativa timasamba thupi lonse. Apa palibe mkangano. Koma pa za m'mutu timasiyana. Ena amati tsitsi lizionana ndi sopo tsiku ndi tsiku. Ena amati kamodzi pa mwezi basi. Nanga zoona ndi ziti?

Tiyambire pa khungu la m'mutu. Khungu limeneli limatulutsa mafuta akeake. Mafutawa amatulukira m'timabowo momwe tsitsi limamera. Ntchito yawo ndi kufewetsa tsitsi kuti lisaduke.

Anthu ena ali ndi tsitsi lowongoka. Pa tsitsi lotere mafuta amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga. Pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, tsitsi lamatana kale. N'chifukwa chake eni ake amalitsuka pafupipafupi.

Ambirife lathu ndi lopotana. Mafuta amavutika kuyenda m'tsitsi lokhotakhota. Amatsalira pa khungu, ndipo nsonga zimakhala zouma. Tikamalitsuka ndi sopo tsiku lililonse, timachotsa ndi mafuta ochepa omwe anafikako. Tsitsi limauma ngati udzu wa mu Okutobala. Chipeso chikadutsa, limangoduka. Pajatu tsitsi limakula pang'onopang'ono, pafupifupi sentimita 1 pa mwezi. Limene laduka lero silibwerera mawa.

Choncho kwa tsitsi lopotana, sopo kamodzi pa sabata ndi wokwanira. Amene m'mutu mwawo ndi mouma kwambiri atha kufika masabata 2. Achikulire ambiri ali m'gulu limeneli, chifukwa munthu akamakalamba khungu limachepetsa mafuta. Masiku enawo, tikabwera ndi thukuta kapena fumbi lopunthira nyemba, madzi okha akwanira. Abambo ometa mpala iwo alibe nkhawa. Atha kusamba m'mutu tsiku lililonse, poti palibe tsitsi loti liduke.

Sopo wake ndi uti? Tikudziwa kuti sopo ndi wodula. M'makomo ambiri muli mtanda umodzi wochapira ndi kusambira momwemo. Sopo wochapira ndi waukali pa tsitsi. Ngati ndi yekhayo tili naye, tipake pang'ono. Tisisite khungu ndi nsonga za zala, osati ndi zikhadabo, kenako titsukuluze mpaka thovu lonse litatha. Tsitsi lisanaumiretu tilidzoze mafuta pang'ono. Koma sopo wa ufa uja ayi, ameneyo ndi wa zovala.

Amayi oluka tsitsi ena amaopa madzi kuti maluko angaphwasuke, mpaka mwezi kutha. Khungu lili pansipo likutulutsabe mafuta ndi thukuta. Tizitsuka m'mizere ya maluko pakapita sabata imodzi kapena awiri. Tikatha tikhale padzuwa kuti muume. Tisamange duku pa tsitsi lonyowa, chifukwa m'mutu mumayamba kununkha ndi kuyabwa.

Tsopano pali anzathu amene m'mutu mwawo mumayabwa ndipo mumayoyoka timakoko toyera ngati gaga. Ambiri amaganiza kuti khungu lauma. Ndiye amaleka kutsuka n'kumathira mafuta ambiri. Kawirikawiri apa m'pamene amalakwitsa. Pa khungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tofanana ndi yisiti, timene chakudya chake ndi mafuta. Mafuta akachuluka nato timachuluka, khungu n'kuyamba kusenda. Munthu wotere asatalikitse masiku. Azitsuka kawiri pa sabata, ndipo mafuta azidzoza ku tsitsi kokha, osati pa khungu. Kumalo ogulitsa mankhwala kuli sopo wamadzi wa vuto limeneli. Tikamupaka timadikira mphindi 5 tisanatsukuluze.

Pali tsiku limodzi limene sitiwerenga masabata. Ndi tsiku lopopera mankhwala m'munda wa thonje, wa fodya kapena wa tomato. Tikamapopera, mphepo imabweza mankhwala n'kuwasiya m'tsitsi, ngakhale titavala chipewa. Khungu la m'mutu limamwa mankhwala msanga kuposa khungu la pamkono. Tsono wopopera asambe m'mutu ndi sopo tsiku lomwelo, asanadye ndiponso asananyamule mwana. Kaya anatsukamo dzulo, atsukemonso. Tsitsi likauma tidzalidzoza, koma poizoni akalowa m'magazi ndi nkhani ya kuchipatala. Potsuka tiweramitse mutu ndi kutsinzina kuti madziwo asalowe m'maso. Tisambire kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Chipewa ndi duku nazo zichapidwe pazokha.

Pali zinthu ziwiri zimene sopo sangathetse, ngakhale titatsuka m'mawa ndi madzulo.

Choyamba ndi chipere cha m'mutu, chimene chimavutitsa kwambiri ana a sukulu. Chimalowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, momwe sopo ndi mankhwala opaka safika. Mwana amafunika mankhwala akumwa a kuchipatala kwa masabata angapo. Chimafalikira pobwerekana lumo, chipeso ndi chipewa.

Chachiwiri ndi nsabwe za m'mutu. Nsabwe sizisankha mutu wauve kapena waukhondo, ndiye mwana tisamunyoze. Mazira ake amamatirira ku tsitsi ndipo amaswa pakapita masiku 7 mpaka 10. Tizipesa tsitsi lonyowa ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono masiku 3 aliwonse kwa masabata 2, kapena tingomumeta mwanayo. Tamvapo za makolo amene amatapa mankhwala a thonje kapena osungira chimanga n'kupaka mwana m'mutu kuti nsabwe zife. Anzathu, tisayerekeze. Nsabwe zimafadi, koma mankhwalawo amalowanso m'thupi la mwana. Atha kuyamba kusanza, kutuluka dovu ndi kukomoka, ngakhale kufa kumene. Zikachitika, timusambitse msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo tithamangire naye kuchipatala titatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala aliwerenge.