Timatuza ta M'manja Tikayamba Mafinya

Nyengo yotentha ikafika, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, anthu ena amatuluka timatuza m'mbali mwa zala, m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Timatuzati timakhala tolimba, tozama m'khungu, tokhala ndi madzi oyera, ndipo timayabwa koopsa. Madokotala amatcha nthendayi dyshidrotic eczema. Siipatsirana ai, ndiponso si mphere, pakuti mphere imagwira banja lonse ndi kuyabwa makamaka usiku. Thukuta, sopo waufa, simenti ndi kukhalitsa manja m'madzi ndizo zimaiutsa. Timatuza tikasiyidwa timauma patapita masabata 2 kapena 3, khungu ndi kusupuka.

Vuto limadza ndi kukanda. Poyendera midzi pa ntchito yanga ya zaumoyo ndaona amayi ambiri akuboola timatuzati ndi minga kapena singano, ati kuti madzi atuluke. Pamenepo atsegulira khomo tizilombo, makamaka totchedwa Staphylococcus aureus, timene timakhala kale pakhungu pathu.

Tsono yang'anitsitsani dzanja lanu powala. Kodi madzi aja asanduka mafinya? Kodi pali nkhanambo zachikasu? Kodi pamene pankayabwa tsopano pakupweteka, patupa ndipo pakutentha? Ngati ndi choncho, tizilombo talowa, ndipo mupite kuchipatala osadikira tsiku la msika. Mukamva mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche, thupi likatentha, kapena mukaona mzere wofiira ukukwera mkono, pitani tsiku lomwelo. Odwala matenda a shuga asazengereze konse, makamaka ngati ndi phazi.

Kuchipatala angakupatseni makapisozi monga cloxacillin. Mumwe onse monga mwauzidwira, ngakhale dzanja lioneke lapola. Ngati mankhwala a penicillin anakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani, nenani asanakulembereni. Mwinanso adzakupatsani potassium permanganate woviikamo dzanja. Musungunule pang'ono zedi m'beseni la madzi owiritsa ndi ozizira, kufikira madziwo atangosintha mtundu pang'ono, ndipo muviike dzanja mphindi 10 kapena 15, kenaka mupukute ndi nsalu yochapa bwino. Akachuluka amawotcha khungu. Sakumwedwa, ndipo aikidwe patali ndi ana. Zikhadabo zikadetsedwa nawo musade nkhawa, mtunduwo umatha.

Chimene chimandidandaulitsa ine ndi mafuta odzola a steroid ogula pamsika. Mafutawa amathandizadi nthendayi, koma kuwadzola okha pamene pali mafinya kumabisa chilonda pamene tizilombo tikuswana. Adokotala ndiwo anene nthawi yoyamba kudzola. Phulusa, ndowe ndi ufa wa m'makapisozi zisafike pachilondapo.

Masiku amenewa wengani zikhadabo, vulani mphete, ndipo wina akuthandizeni kuchapa ndi kutsuka mbale. Chilonda chikauma, dzolani Vaseline nthawi iliyonse mukasamba m'manja, chifukwa nthendayi imakonda kubweranso.