Kukagwira ntchito ku Britain: malipiro ndi aakulu, koma amathera komweko

M'midzi ya kwa Bundabunda, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, banja likamva kuti mwana wapeza mwayi wa ntchito ku Britain, chimene ambiri amayamba kuchita ndi kusintha malipiro ake m'makwacha. M'chaka cha 2024 paundi imodzi inkaposa K30, choncho ngakhale malipiro otsika a kumeneko amaoneka ngati chuma chosatha kwa mlimi amene amadikira ndalama za chimanga kamodzi pachaka. Nchifukwa chake makolo ena amalolera kugulitsa ng'ombe kapena kutenga ngongole kuti mwana akwere ndege.

Koma masamu amenewa amasiya chinthu chimodzi chachikulu: munthu wolandira mapaundi amalipiranso nyumba, chakudya ndi misonkho m'mapaundi.

M'chaka cha 2025, namwino woyamba kumene ntchito m'zipatala za boma ku England, zomwe zili pansi pa bungwe la NHS, ankalandira mapaundi 31,049 pachaka. Boma limasiya mapaundi 12,570 oyambirira osawadula msonkho, koma pa ndalama zotsalazo limatengapo mapaundi 20 pa 100 alionse. Pamwamba pake pamachoka ndalama ya National Insurance ndi ya penshoni. Zonsezi zikachoka, namwinoyo amatsala ndi mapaundi pafupifupi 2,000 pamwezi.

Nyumba ndiyo imadya gawo lalikulu. Malinga ndi ofesi yoona za chiwerengero m'dzikolo, ya Office for National Statistics, m'chaka chomwecho lendi inkaposa mapaundi 1,300 pamwezi tikaphatikiza dziko lonse, ndipo mumzinda wa London inkaposa mapaundi 2,200. Izi zikutanthauza kuti ku London lendi yokha ingathe kumeza malipiro onse a namwino watsopano. Pachifukwachi alendo ambiri amachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba yokhalamo anthu angapo, n'kumagawana khitchini ndi bafa.

Palinso zolipira zina zomwe munthu wa kumudzi sanazizolowere. Nyumba iliyonse imalipira msonkho wa khonsolo. M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale kumazizira kwambiri moti nyumba imayenera kutenthetsedwa ndi gasi kapena magetsi. Mayi wa ana aang'ono sangasiye mwana kwa agogo kapena kwa azakhali monga zimakhalira kwa Bundabunda. Kumeneko wolera mwana amalipidwa pa ola. Ndipo chilolezo cha ntchito sichilola mlendo kulandira thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa nzika zovutika.

Ndalama zimayamba kutuluka munthu asananyamuke. Namwino wa ku Zambia sangayambe ntchito ya unamwino ku Britain asanalembetse ku bungwe la Nursing and Midwifery Council la dzikolo. Ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a pakompyuta, ndipo akafika kumeneko amayesedwanso mayeso oonetsa luso losamalira wodwala otchedwa OSCE. Mpaka atakhoza mayeso omalizawa, amalandira malipiro otsika. Wochokera ku Zambia amafunikanso kupimidwa chifuwa chachikulu cha TB asanapemphe viza, komanso kuonetsa mapaundi 1,270 amene akhala m'banki masiku 28, pokhapokha ngati womulemba ntchito walonjeza kumusamalira mwezi woyamba.

Chofunika kwambiri kuti mabanja adziwe ndi chakuti malamulo asintha. Mu Febuluwale 2022, boma la Britain linatsegula khomo kwa anthu osamalira okalamba ndi odwala m'nyumba, ntchito yomwe sinkafuna maphunziro a unamwino. Anthu ambiri a m'maiko a mu Africa ndi Asia analowera pakhomo limeneli. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, ogwira ntchito imeneyi analetsedwa kutenga akazi, amuna kapena ana awo. Kenaka pa 22 Julaye 2025, boma linasiyiratu kulandira anthu atsopano ochokera kunja pa ntchitoyi. Choncho aliyense amene lero akuuza banja kuti lilipire ndalama kuti mwana akapeze viza yosamalira okalamba, akugulitsa khomo lotsekedwa.

Ngakhale khomolo lisanatsekedwe, ambiri anagwa m'mavuto. Boma la Britain linalengeza kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda ziphaso makampani oposa 470 osamalira anthu, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ena anali atalipira ndalama zambiri kwa anthu owapezera ntchito, koma atafika anapeza kuti ntchitoyo kulibe kapena maola ake ndi ochepa. Vuto ndi lakuti viza imamangiriridwa kwa kampani imene yalemba munthu ntchito. Ntchito ikatha, kawirikawiri munthu amapatsidwa masiku 60 kuti apeze kampani ina yovomerezeka, apo ayi achoke m'dzikolo.

Lamulo la ku Britain sililola kampani yopezera anthu ntchito kulipiritsa munthu wofuna ntchitoyo. Boma limaikanso pa intaneti mndandanda wa makampani onse amene ali ndi chilolezo cholemba alendo, ndipo kuuona ndi kwaulere.

Kwa anamwino, azamba ndi madokotala njira idakali yotsegula, koma ili ndi malire. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika Zambia pamndandanda wa maiko amene ali ndi antchito a zaumoyo ochepa kwambiri. Potsatira izi, zipatala ndi makampani a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino m'dziko muno, ngakhale kuti namwino payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito mwachindunji. Cholinga chake ndi kuteteza zipatala zazing'ono, monga za m'boma la Chongwe, kumene namwino mmodzi akachoka amayi oyembekezera ndi ana amazindikira msanga.

Izi sizikutanthauza kuti onse opita amalephera. Alipo amene amanga nyumba kwawo ndi kuphunzitsa abale ndi ndalama za kunja. Nthawi zambiri amenewa amasankha mizinda yotsikirapo mtengo kumpoto kwa England, ku Wales kapena ku Scotland, amagwira ntchito usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndipo chaka choyamba amatumiza zochepa.

Banja la kwa Bundabunda lisanagulitse ng'ombe, liyenera kupeza mayankho a mafunso atatu: kodi kampaniyo ili pamndandanda wa boma, kodi ntchitoyo ikuloledwabe pa viza, ndipo mwanayo adzatsala ndi mapaundi angati akalipira msonkho, lendi ndi chakudya. Ndalama yotsalayo ndi imene ingasinthidwe m'makwacha.